Andisamutsira ku Dedza, nyumba ndikafune mbali iti?

MayiWaAwiri
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeniko maganizo inu amene mumaidziwa Dedza. Kuntchito andisamutsa ndipo mwezi wamawa ndikuyenera kukayamba ku Dedza boma, koma ine moyo wanga wonse ndi wa ku Blantyre, Dedza ndimangoionera pawindo la basi tikaima pa roadblock anthu akugula mbatatesi. Ndili ndi ana awiri, wamkulu ali sitandade 5, wamng'ono ali ndi zaka 4 ndipo ameneyu amavutika ndi mphumu. Bambo awo amagwira ntchito ku Lilongwe ndiye azingobwera ma weekend. Pali agent wina wanditumizira zithunzi za nyumba zitatu, ina kufupi ndi msika ndi depoti, ina cha m'tsinde mwa phiri akuti kuli bata, yachitatu cha ku M1 kufupi ndi msewu wopita ku border. Pazithunzi zonse zikuoneka bwino ndipo lendi yake sikusiyana kwenikweni. Akuti nditumize ya miyezi itatu kuti andisungire chifukwa anthu akuzifuna ambiri. Nditenge iti abale?

Dalaivala_M1
Musatumize kanthu mayi. Olo 1 tambala.

Nachisale88
Kkkk "anthu akuzifuna ambiri" nyimbo yake ndi yomweyo kulikonse. Asisi kwerani basi Loweruka mukaone ndi maso anu, Dedza si ku Joni kuti simungapite n'kubwerako.

MayiWaAwiri
Kupita ndipita ndithu, koma ndimafuna ndikafike ndikudziwa choyang'ana. Ndikangofika n'kuona penti yatsopano ine ndigwa nayo basi, ndimadzidziwa.

AnkoloAPaBoma
Mayi takulandiranitu kwathu kuno. Ine ndakhala pa boma pano kuyambira ndili mnyamata ndiye ndiyankhuleko motalikirapo, mundipirire. Choyamba muchotse mutu wa ku Blantyre. Kumeneko munthu akakuuzani kuti ndimakhala ku Namiwawa kapena ku Ndirande mwadziwa kale theka la nkhani, lendi yake, madzi ake, anthu ake. Kuno sizili choncho. Tauni yonse anthu ake angopitirira pang'ono 30,000 malinga ndi kalembera wa 2018, mukhoza kuidutsa wapansi, ndipo nyumba ya mpanda wa njerwa ya bwana imakhala moyandikana ndi mdadada wa zipinda za lendi, kuseri kwake munda wa mbatatesi. Mudzamva maina, Airfield, Katsekaminga, Kapalamula, koma dzinalo palokha silikuuzani kanthu chifukwa mkati mwa dera lomwelo muli nyumba yoti mungasangalale nayo ndi ina yoti mudzalira nayo, kutalikirana kwake mamita 200 okha. Ndiye musasankhe dera, sankhani nyumba ndi kanjira kake.

Chachiwiri ndi kuzizira, ndipo poti mwatchula mwana wa mphumu ichi ndiye chikhale pamwamba pa zonse. Boma lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phirilo limafika 2,198. June ndi July kuno si nkhani yoseka. Mukalowa m'nyumba yang'anani kumwamba kaye, ili ndi siling'i? Ngati ilibe, tulukani. Malata opanda siling'i usiku wa chisanu amatuluka thukuta, m'mawa mumadzuka bulangete lanyowa ndi madontho mvula isanagwe n'komwe. Kenako suntha kabati kapena bedi ngati muli katundu, yang'anani m'makona a kuchipinda pansi penipeni. Mukaona zakudakuda kapena penti yotukumuka, khomalo limamwa chinyezi, ndipo penti yatsopano imene mukunenayo nthawi zambiri amapakira zomwezo. Gwirani khoma ndi dzanja, nunkhizani. Mphuno siinama.

Chachitatu dzuwa. Nthawi yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye nyumba imene mawindo a kuchipinda ndi pabalaza ayang'ana kumpoto kapena kum'mawa imafunda msanga. Ina imene yatchingidwa ndi mpanda wautali kapena mitengo ya paini mbali imeneyo imakhala yozizira tsiku lonse, zovala pachingwe siziuma. Funsani woyandikana nawo kuti dzuwa limafika pakhonde nthawi yanji mu July, akuuzani.

MayiWaAwiri
Ankolo zikomo kwambiri, izi ndazilemba papepala. Za siling'izi sindikanaziganiza, pazithunzi palibe olo chimodzi chojambula kumwamba.

Nachisale88
Ndiye mwayankhidwa kale pamenepo kkkk

Kachewere265
Ankolo anena bwino koma ine ndikutsutsako pa za dera. Dera lili ndi ntchito. Kufupi ndi msika ndi depoti ine sindingalole mlongo wanga akakhale ndi ana. Ma bar, nyimbo mpaka mbandakucha, oitanira minibasi kuyambira 4 koloko m'mawa, fumbi, zinyalala nthawi ya mvula. Komanso mwamuna wawo kulibe mkati mwa sabata, aliyense pamsika adziwa pasanathe masiku kuti nyumba ija mumagona mayi ndi ana okha. Tengani ya kuphiri mayi, mugone tulo.

MamaWaChips
Aaa a Kachewere musanyoze kumsika, ife tikulera ana konkuno ndipo akukhoza mayeso. Bata lanulo ndi limene akuba amalikonda. Kumsika kuno munthu akangokuwa anthu 50 atuluka, kuphiri uko mukuwa ndani akumveni, anyani? Komanso muganize mayi akuchokera kuntchito 5 koloko, ndiwo alibe, kwada, kukuzizira, akwere mtunda wapansi ndi jumbo. Kabaza wa njinga yakapalasa mtunda umene uja amakutsitsani kuti muyende, wa njinga yamoto amakweza mtengo kukada.

Kachewere265
Ndiye munthu asankhe nyumba chifukwa cha tomato?

MamaWaChips
Eee! Tomato amagulidwa tsiku lililonse, bata simudya.

Mphunzitsi_Wopuma
Nonse awiri muli ndi mfundo koma mukusiya chinthu chachikulu, madzi. Ine ndinakhalapo kumtunda ndi kumunsi komwe. Madzi a m'mipopi pa boma amaperekedwa ndi Central Region Water Board, ndipo monga kulikonse, nyumba ikakhala pamtunda kwambiri ndi imene imayamba kumva madzi akachepa mphamvu, makamaka October ndi November mvula isanayambe. Kumunsi mpopi ukutuluka bwinobwino, inu kumtunda ukungopuma mpweya mpaka pakati pausiku. Si nyumba zonse ayi, zimatengera paipi imene mwalumikizidwako ndi pamene pali thanki, n'chifukwa chake kufunsa pagulu ngati pano sikungakupatseni yankho lenileni. Yankho lili pakhomo la woyandikana naye. Mukafika musafunse landilodi kapena agent, awo anena kuti madzi sasiya. Yendani kuseri kwa nyumba zoyandikana muone. Mukaona khomo lililonse lili ndi madiramu a buluu ndi zigubu zachikasu zandandalikidwa pakhonde, mwadziwa. Mukaona mjigo pafupi ndipo pali mzere wa ndowa masana, mwadziwanso. Pitani pamjigopo, perekani moni, funsani amayi amene mwawapeza. Safunsa adadya phula. Iwowo akuuzani ndi zina zomwe simunafunse, kuti landilodiyo anthu amatuluka m'nyumba mwake miyezi ingati ingati ndipo chifukwa chiyani.

Komanso muonetsetse za mita. Mita ya madzi ndi ya magetsi ikhale yanuyanu. Ngati mukugawana ndi nyumba ina pa mpanda womwewo mudzakangana ndithu, wina ali ndi hita ndi hotplate mu July, ma units akutha masiku awiri, pogula akuti tigawane pakati. Ndipo mufunse aonetse bilu yamadzi yomaliza, musalowe m'nyumba n'kupeza ngongole ya amene anatuluka.

Dalaivala_M1
Ine ndinene za yachitatuyo poti palibe akuikamba. Msewu wa ku border umenewo usiku ndi usana ndi ma truck, ochokera ku Tete ndi ku Beira, matanki a mafuta, onse amadutsa pamenepo kulowa M1. Ife timaimika pomwepo kudikira mapepala. Kwa bambo a kunyumba kwanu ndi pabwino, atsika basi ya ku Lilongwe Lachisanu usiku n'kulowa m'nyumba, ndi makilomita cha m'ma 85 basi. Koma mwana wa sitandade 5 ngati sukulu yake ili tsidya lina la M1 ine ayi. M'mawa wa nkhungu pamene paja dalaivala saona patali, ndikunena ine amene ndimakhala pa chiwongolero. Muyambe mwapeza sukulu, kenako nyumba imene mwana angayende osaoloka tala wamkuluyo.

MayiWaAwiri
Apa mwandiopsa a Dalaivala koma ndi zoona. Sukulu sindinapezebe, ndimati ndiyambe nyumba.

Dalaivala_M1
Tembenuzani. Sukulu kaye.

ZaKuJoni_Boy
Ine ndili ku Johannesburg koma kwathu ndi ku Bembeke. Chimene ndikukumbuka cha kufupi ndi malire ndi foni kkkk, umangoona yalemba Movitel kapena Vodacom, yakoka network ya ku Mozambique iwe uli pakhonde pako ku Malawi. Mukapita kukaona nyumbazo muone foni yanu m'chipinda chilichonse kuti ikugwira bwanji, ndipo muzimitse roaming.

Nachisale88
Koma ubwino wake ku Calomue, tsidya la Mozambique la border, ndi pafupi, anthu amaoloka kukagula zinthu, ena mpaka ku Ulongwe wa ku Mozambique konko. Chichewa chomwechi amayankhula uko.

ZaKuJoni_Boy
Ndi abale athu amene aja, maliro timayendera limodzi. Mzere unangodutsa pakati pa midzi.

WaMpingo_Mlongo
Ine ndifunseko zimene ena akuopa kunena. Nanga za gule? Ndinamva kuti ku Dedza zilombo zimathamangitsa anthu mumsewu, ana osapita kusukulu. Mayi ndi mlendo, ana ake akulira mu tauni, asakakhale kufupi ndi midzi kapena kumanda. Ine ndikanasankha pakatikati pa boma pomwe pali matchalitchi.

Gama_WaKwaKachere
Mlongo mawu anuwo apepukeko. Gule si chiopsezo choti munthu azisankhira nyumba, ndi mwambo wa eni dera, ndipo UNESCO inauzindikira mu 2005. Amatuluka pa nthawi yake, pamaliro a munthu wolowa, pa chiliza, polonga mfumu, makamaka anthu akakolola. Pa boma penipeni mungakhale nthawi yaitali osakumana naye. Mukakhala chakumphepete inde mudzamva ng'oma usiku ndipo tsiku lina mudzakumana naye panjira. Chochita n'chosavuta, patukani, musamuloze chala, musamujambule ndi foni popanda chilolezo, ngati muli ndi kandalama ponyani pansi, adutsa. Ana muwauze asamasewere kumanda kapena kukatola nkhuni m'nkhalango ya manda chifukwa dambwe nthawi zambiri limakhala kumeneko. Kodi ku Blantyre ana amasewera kumanda? Anyamata ena osokoneza alipo amene amavala n'kumavutitsa anthu, amenewo mafumu eni ake amawalanga mukakanena. Ndipo akhristu ku Dedza ndi ambirimbiri, a Katolika ali ndi dayosizi yawo, ku Bembeke ndi ku Mua mishoni zakalekale, a CCAP ali ponseponse, tonse tikukhala.

WaMpingo_Mlongo
Sindinanyoze achimwene, ndangonena zimene ndinamva. Koma mwana wa zaka 4 kumva ng'oma usiku wonse saopa?

Gama_WaKwaKachere
Aopa usiku woyamba. Wachiwiri azivina pabalaza.

Kachewere265
Kkkkkk a Gama

AnkoloAPaBoma
Nkhani ya a Gama yandikumbutsa chinthu chimene anthu ochokera m'mizinda amachiphonya. Kuno kulikonse kumene mungakhale muli pansi pa mfumu kapena block leader. Mukangolowa m'nyumba, sabata yomweyo pemphani landilodi kapena woyandikana naye akuperekezeni mukadzionetse, mukanene kuti ndine uje, ndachokera kwakuti, ndikugwira ntchito pakuti. Ku Machinjiri mwina munakhala osadziwa dzina la a mfumu, kuno zimenezo amaziona ngati mwano. Maliro akachitika m'dera mumapita, olo kungokhala pang'ono ndi kuponya chamchere m'mbale, amayi amakathandiza kuphika. Mukamajomba amakuonani ndipo sanena kanthu, adzanena tsiku limene zidzakugwereni inu. Ndiye posankha nyumba muganizenso kuti anthu awa ndingakhale nawo? Chifukwa usiku umene mwana wabanika bambo ake ali ku Lilongwe, amene adzakuthamangitsireni ku chipatala ndi woyandikana naye amene ali ndi galimoto kapena mnyamata wa njinga yamoto amene mumamupatsa moni. Chitetezo cha kuno ndi chimenecho, mpanda umabwera pambuyo.

Nesi_WaUsiku
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Mayi, pa za mwanayo ndiwonjezere. Mtunda wochoka panyumba kufika ku chipatala cha boma muuyeze ndi maso a usiku wa mvula, osati masana a dzuwa. Kanjira kolowera kunyumbako galimoto ingafike pakhomo mu January? Tinjira tina ta kumtunda madzi ochokera kuphiri amatikumba ngalande, poti mitengo yambiri inadulidwa madzi amatsika ndi liwiro, galimoto imathera kumunsi inu n'kumubereka mwana kumsana mumdima. Muyang'ane m'mbali mwa njira ngati muli zigwembe ndi miyala yokokoloka, zimaoneka olo nthawi yachilimwe.

Ndipo chonde chonde, izi ndikuuza aliyense wobwera kumene kuno: mbaula ya makala musalowe nayo kuchipinda n'kutseka mawindo kuti mufunde. Utsi wake weniweni woopsawo suoneka ndipo sununkha, anthu amangogona osadzukanso. Kuzizira kukafika poipa mtima umakuuzani kuti ingolowetsani pang'ono, musamvere. Othani panja kapena pakhomo potseguka, makala azimitsidwe musanagone. Kwa mwana wa mphumu utsi wa nkhuni ndi makala ndi mdani kale, ndiye muonenso kuti khitchini ili pati ndipo oyandikana nawo amaphikira mbali iti. Nyumba ya kumsika ija ngati windo la kuchipinda layang'anizana ndi ziwaya za chips kapena malo ootchera zinyalala, isiyeni. Gulani mabulangete, masokosi, zipewa, kapeti kapena mkeka wokhuthala pansi chifukwa simenti ya kuno m'mawa mwana sangaponde. Inhela isathe m'nyumba, muzikhala ndi ina yosungira. Udzudzu ndi wochepa poyerekeza ndi kunyanja koma neti musasiye, malungo aliko.

MamaWaChips
A Nesi mwatigenda ife a ziwaya kkkk koma ndavomera, utsi ulipo.

MayiWaAwiri
A Nesi Mulungu akudalitseni. Kunena zoona mbaula ndinali nditaiika kale pa list ya zokafundira, amayi anga ndi amene anandiuza kuti ku Dedza umagona ndi mbaula.

Nesi_WaUsiku
Auzeni amayi kuti a nesi akana.

Landilodi_Wachilungamo
Pagulu pano malandilodi mwatipanga ngati afiti. Ine ndili ndi nyumba zanga ziwiri ndipo ndikuuzeni mbali yathu. Miyezi itatu timapempha chifukwa anthu a transfer amabwera, akhala pang'ono, asamutsidwanso, akuchoka usiku osalipira, mabilu atisiyira. Ndiye si kuba ayi. Koma ndikugwirizana ndi onse kuti musapereke kwa agent musanaone nyumba ndi mwini wake. Ndalama iperekedwe m'manja mwa mwini nyumba kapena pa nambala yake, mulemberane pepala, pakhale mboni. Papepalapo palembedwe kuti lendi ikwera liti, notisi ndi ya nthawi yaitali bwanji, chikaonongeka akonza ndani, chimbudzi chikadzadza apopa ndani. Agent mumupatse yake pambuyo poti mwalandira makiyi. Ndipo langizo langa laulere, nyumba zabwino kuno sizifika n'komwe kwa ma agent. Zimayenda pakamwa, wina kuofesi akusamuka amauza mnzake. Imbirani anthu a kuofesi imene mukupitayo, makamaka amene mukukalowa m'malo mwake, mufunse nyumba imene akutulukamo.

Nachisale88
Apa a landilodi mwanena zanzeru. Koma funso, inu mumakhala pa mpanda womwewo ndi ma tenanti anu?

Landilodi_Wachilungamo
Imodzi inde.

Nachisale88
Ndiye imeneyo asisi musatenge kkkk. Ine ndinakhalapo mpanda umodzi ndi landilodi, mayi ake a nyumba ankawerenga alendo anga, ndikaphika nyama mwezi usanathe akuti ndiye ndalama muli nazo bwanji lendi mwachedwetsa, geti amakhoma 8 koloko kiyi ali nayo okha. Ana anga akathyola pichesi limodzi mumtengo nkhani mpaka kwa a mfumu.

Mphunzitsi_Wopuma
Zimatengera munthu a Nachisale. Kwa mayi amene akhale okha ndi ana mkati mwa sabata, landilodi wachikulire pa mpanda akhoza kukhala dalitso, amakuonerani ana mukachedwa kuntchito, wantchito sangachite zachibwana, ndipo paipi ikaphulika amakonza msanga poti naye akuvutika. Chofunika mukacheze naye kaye musanalipire, muone mmene akuyankhulira ndi ana ake kapena wantchito wake. Mmene amawayankhulira iwowo ndi mmene adzakuyankhulireni inu mwezi wachitatu.

Dynamos_Die_Hard
Zonsezi ndi zabwino koma chofunika ndi kukhala kufupi ndi stadium, Dedza Dynamos ikamasewera pakhomo muzingoyenda wapansi. Mwana wa sitandade 5 ameneyo timupange sapota.

Dalaivala_M1
Anthu akukamba za mphumu iwe ukuti mpira

Dynamos_Die_Hard
Bambo ake akabwera weekend azikatani? Azingokhala m'nyumba kuonerera nkhungu? Apite ku mpira, apite ku Dedza Pottery akamwe khofi, atenge ana akaone zojambula za pamiyala ku Chongoni, zinalowa m'ndandanda wa UNESCO mu 2006 koma anthu a konkuno ambiri sanapiteko. Dedza si kundende abale.

Plot_Hunter
Ine maganizo anga ndi osiyana. Bwanji osangogula puloti? Malo kuno ndi otsika kuyerekeza ndi Lilongwe, bambo ali pafupi, mumange kanyumba kanu muiwale za malandilodi. Ndalama ya lendi ya chaka ndi njerwa zingati?

AnkoloAPaBoma
Achimwene musawathamangitse mayiwa. Munthu sanagonepo usiku umodzi wa July kuno ndiye agule malo? Malo ambiri ozungulira boma ndi a makolo, ali pansi pa mafumu ndi mabanja. Amene akukugulitsaniyo mwina ndi mphwake chabe, eni mbumba sakudziwa, ndipo kuno kwa Achewa malo amayendera kuchikazi, mudzamanga mpaka pa windo kenako atulukira amalume ndi alongo ake kuti munda uwu ndi wa amayi athu. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo. Malamulo a malo anasintha mu 2016 ndipo anakonzedwanso mu 2022, ndiye kapepala kolemba pamanja ndi chidindo chokha musakhutire nako, mukafunse ku khonsolo ndi ku ofesi ya malo musanatulutse ndalama. Zimenezo zidzabwera akakhala chaka, adziwa okha mbali imene akuikonda ndi anthu oti angawakhulupirire. Komanso a transfer amenewa mawa akhoza kuwatumiza ku Nsanje.

Plot_Hunter
Mwina, koma mitengo sikudikira.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndi ndalama yotayika siibwerera. Ine ndinganene kuti olo lendi yomweyo asadzimange nthawi yaitali. Alowe imene yaoneka bwino pa zitatuzo kapena ina, alipire miyezi itatu yokhayo, akakhala mkati adzamva za nyumba zina kutchalitchi ndi kuntchito. Kusamuka kuno sikuvuta, ka lole kamodzi kapena ngolo, theka la tsiku mwatha.

Kachewere265
Koma palibe wayankha funso la mayiwa, inu nonse pa zitatuzo mukanatenga iti? Ine ndanena kale, kuphiri.

MamaWaChips
Kumsika, koma mzere wachiwiri kapena wachitatu kuchoka pamsewu, osati pa depoti penipeni.

Dalaivala_M1
Iliyonse kupatula ya ku M1.

ZaKuJoni_Boy
Ya ku M1 bambo asamavutike kkkk. Ngati ali ndi galimoto awerengerenso za toll gate pa Kalinyeke.

Nesi_WaUsiku
Youma, ya siling'i, imene galimoto ifika pakhomo. Ikhale kulikonse.

MayiWaAwiri
Abale ndabwerako. Ndinapita dzulo ndi bambo a ana tinakumana konko. Ya ku M1 sitinataye nthawi, ma truck ndawaona ndi maso anga. Ya kuphiri ndi yokongola zedi, malo ake abwino, ukaima pakhonde tauni yonse ili pansi, koma siling'i ili pabalaza pokha, kuzipinda ndi malata, ndipo nditasuntha katani kuchipinda chaching'ono khoma lonse la pansi pa windo ndi lakuda. Pakhomo loyandikana nalo madiramu atatu a buluu, mayi ake anangoseka nditafunsa za madzi. Ya kumsika siling'i ili monse, mpopi ukutuluka mwamphamvu, mita zake zokha, koma kuseri kwa mpanda kuli bar ndipo inali 2 koloko masana nyimbo zili kale m'mwamba. Agent atamva kuti sindilipira tsiku lomwelo nkhope inasintha, akuti pofika Lolemba zikhala zitapita. Ndinaimbiranso amene ndikukalowa m'malo mwake monga ananenera a landilodi, akuti nyumba yawo akutuluka kumapeto kwa mwezi, ili chapakati, kuyenda pang'ono kufika kuchipatala, siling'i ilimo, koma mwini wake amakhala pa mpanda womwewo, agogo aakazi amasiye, ndipo dzulo anali ku maliro kumudzi ndiye sitinalowe mkati.

Nachisale88
Agogo pa mpanda?? Asisi ndakuchenjezani kale ine

Mphunzitsi_Wopuma
Mufunse amene akutulukayo kuti wakhalamo nthawi yaitali bwanji. Ngati ndi zaka, agogowo ndi abwino.

Landilodi_Wachilungamo
Ndipo muwaimbire agogowo lero lomwe muwapepese za maliro, musayambe ndi za nyumba. Za nyumba mudzanene mawa lake.

Kachewere265
Ya kuphiri ija mukanangouza mwini wake aike siling'i muzidula pa lendi

AnkoloAPaBoma
Siling'i aika, nanga khoma lonyowalo ndi madzi a mumpopi aikanso? Mayi, mukapitanso kukaona ya agogoyo mupite cham'mawa kwambiri, muone dzuwa likulowera pati, ndipo mwana wamkuluyo mumutenge muyende naye wapansi mpaka kusukulu imene mwaisankha muone ngati pali msewu waukulu wooloka.

MayiWaAwiri
Ndipita Loweruka likubwerali ndi basi yoyamba. A Nachisale za kiyi wa geti ndikafunsa, ndi za mapichesi zomwe ngati mtengo ulipo. Pakadali pano amene akudziwa sukulu ya pulaimale yabwino chapakati pa boma, yaboma kapena ya private, andilembere ku inbox ndi fizi yake, ndikufuna ndikafikeko tsiku lomwelo.

MamaWaChips
Loweruka ma ofesi a sukulu amakhala otseka mayi, pemphani Lachisanu kuntchito.